Tisanapemphe phula, tifunse za phiri lomwe lili pamwamba pa msewu

Mu Januwale 1998, mvula itagwa mosalekeza, phiri la Tumbine linagumuka. Matope, miyala ndi mitengo zinatsetserekera kunsi, kumene anthu a ku Milange anamanga nyumba ndi kulima minda, ndipo anthu makumi ambirimbiri anafa. Zaka 7 m'mbuyo mwake, pa 10 Malichi 1991, phiri la Michesi linali litachita zomwezo ku Phalombe, tsidya lija la malire ku Malawi, n'kupha anthu pafupifupi 500. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowera pafupi ndi Quelimane n'kudzakhazikika pa mapiri omwewa, ndipo ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Ife a ku Molumbo timakhala pakati pa zonsezi, Tumbine ndi Michesi kumadzulo, Namuli wa ku Gurué kum'mawa. Mitambo imene imagumula mapiri amenewa ndi yomweyo imene imadutsa pa madenga athu.

Nanga bwanji nkhani ya msewu ikatuluka pa msonkhano, tonse timangofuula phula, phula, osatchulako phiri?

Phula ndikulifuna ngati wina aliyense. Kuyambira 2013, pamene Molumbo anachoka m'manja mwa Milange n'kukhala boma loima palokha, palibe chimene anthu achilankhula kwambiri kuposa msewu wochokera ku Milange, kudzera kuno, kukafika ku Gurué. Mlimi wa ku Corromana amene nandolo wake ndi soya wake amagulidwa motchipa chifukwa eni malole amaopa matope, akulondola akamasirira msewu wa N11 wa Milange ndi Mocuba, umene unaikidwa phula ndi thandizo la European Union. Mayi woyembekezera amene amanyamulidwa pa njinga yamoto usiku akulondolanso. Chimene ndikukana ine ndi maganizo oti msewu umayambira pa ngalande ya kumanzere n'kuthera pa ngalande ya kumanja. Pamene msewu wadutsa m'mphepete mwa phiri, mtsetse wonse wa pamwamba pake ndi gawo la msewuwo, ndipo uyenera kukhala m'mapulani, mu bajeti ndi m'kontalakiti. Womanga amene waika phula n'kusiya chitunda cha pamwamba chili lende sanamalize ntchito, ndipo boma lisamulipire ngati wamaliza.

Kuti izi zimveke, tione mmene phiri limagwera. Mapiri a kuno ndi a thanthwe lolimba, koma pamwamba pa thanthwelo pamakhala dothi losazama, lobadwa m'kufumbutuka kwa mwala womwewo, ndipo m'dothimo mumakhala miyala ikuluikulu yobulungira imene yangotsamira, yosagwirana ndi chilichonse. M'chilimwe dothi limagwira bwinobwino. Mvula ikagwa masiku atatu kapena anayi, madzi amalowa pansi mpaka kukafika pa thanthwe, ndipo poti sangaliboole, amayamba kuyenda pakati pa thanthwe ndi dothi. Apo ndiye dothi lalemera, pansi pake paterera, ndipo madzi odzaza m'ming'alu akukankha miyala kuchokera mkati. Mwala umene wakhala phee kuyambira nthawi ya agogo athu umanyamuka tsiku limenelo chifukwa chimene chinkaugwira chasanduka phala. Chogwetsa phiri chachikulu ndi madzi osowa njira.

Tsopano bweretsani katapila. Kuti msewu upeze malo, amadula tsinde la chitunda n'kusiya khoma la dothi loima chilili. Tsinde limenelo ndi lomwe linkachirikiza zonse za pamwamba. N'chimodzimodzi kuzula nsanamira imodzi ya nkhokwe yodzaza chimanga n'kumayembekeza kuti iimabe mpaka masika ena. Dothi lodulidwalo amalikankhira kunsi kwa msewu osalitsendera, ndipo nalonso limadikira mvula yake. Maenje okumbamo gelevulo amasiyidwa kukamwa yasa, n'kumamwetsa chitunda madzi dzinja lonse. Makalavati amayezedwa poganizira madzi okha, pamene mtsinje wa m'phiri ukakwiya umabwera ndi zitsa, nthambi ndi miyala. Kalavati ikatsekeka, madzi amakwera pamsewu n'kuudula pakati. Zonsezi ndi zochita za anthu, ndipo anthu angathe kuzichita mosiyana.

Mankhwala ake si achilendo. Choyamba ndi ngalande ya pamwamba, yokumbidwa mopingasa chitunda kuseri kwa pamene adula, kuti madzi otsika m'phiri apatutsidwe asanafike pa khoma la dothi lija. Khomalo lidulidwe mopendekeka, ndipo likatalika likhale ndi masitepe, sitepe iliyonse ndi kangalande kake. Kutsinde kwake kuikidwe magabiyoni, mabokosi a waya odzaza miyala aja timawaona m'mbali mwa milatho. Ubwino wake ngwoti amalemera koma amalola madzi kudutsa, pamene chipupa cha simenti chopanda timabowo totulutsira madzi chimasunga madzi kumbuyo kwake mpaka tsiku limene chidzagwe nawo limodzi. Pakati pa phiri ndi msewu pasiyidwe dzenje lotakata, kuti mwala ukagubuduka ugweremo m'malo modumphira pa munthu wa kabaza. Miyala imene yangolendewera igwetsedwe dala m'chilimwe ndi migwala, msewu utatsekedwa, midzi ya kunsi itauzidwa. Pa dothi losendedwa pabzalidwe vetiva m'mizere yopingasa. Udzu umenewu alimi a mbali zonse ziwiri za malire amaudziwa kale, ndipo mizu yake imatsika mamita awiri kapena atatu n'kumanga dothi la pamwamba.

Ntchito ngati imeneyi imafuna injiniya wodziwa nthaka amene angayende wapansi n'kuona chitunda ndi maso ake. Kupatula iyeyo imafuna waya, miyala, makasu, mawilibala ndi manja ambiri, ndipo miyala ndi manja kuno n'zosasowa.

Wina kumalikulu adzati izi n'za maiko olemera. N'zoona kuti kuli njira zodula kwambiri: kuboola thanthwe n'kulowetsamo zitsulo zazitali zolimangirira, kuliphimba ndi maukonde achitsulo, kulipopera konkire. Ku Cape Town, msewu wa Chapman's Peak unatsekedwa mu Januwale 2000 mwala utapha munthu m'galimoto, ndipo unatsegulidwanso mu Disembala 2003 atamanga mipanda yogwira miyala ndi madenga a konkire. Lero odutsapo amalipira. Ife sitikupempha zimenezo. Dera lathu silili ngati Chiweta ku Rumphi, kumene msewu wa M1 umazungulira pa phompho kwa makilomita ambiri. Kuno n'kwa zitunda, madambo ndi mapiri a miyala oima apa ndi apo, ndipo malo oopsa ndi owerengeka. Kuchepa kwake n'kumene kukuchotsa chifukwa chilichonse chokhalira chete. Malo owerengeka angathe kuyenderedwa, kujambulidwa ndi kulembedwa m'chilimwe chimodzi. Ndikupempha a ANE, amene amayang'anira misewu ya dziko lino, kuti mndandanda wa malo amenewa ukhalepo, upachikidwe pa ofesi ya boma ku Molumbo ndi ku Corromana, m'Chipwitikizi, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, kuti aliyense adziwe chitunda chimene chili pa nambala yoyamba ndi chaka chimene chidzakonzedwe.

Za kusowa kwa ndalama ndimazimva, koma sindizivomereza zonse. Mu 2018 World Bank inavomereza madola 150 miliyoni a misewu ya kumidzi m'zigawo za Zambezia ndi Nampula. Thumba la misewu la Fundo de Estradas limalandira gawo lake pa mafuta a galimoto. Ndalama zimachepa, inde, koma vuto lalikulu ndi nthawi imene zimatuluka. Msewu ukaduka, ndalama zimapezeka msanga, chifukwa aliyense akuona dzenje ndipo makamera afika. Ntchito ya mwadzidzidzi imaperekedwa mothamanga, pa mtengo wokwera, ndipo nthawi zambiri imangobwezeretsa msewu pomwe unali, pansi pa chitunda chomwe chija. Kufukula ngalande mu Okutobala kulibe riboni yodula, kulibe nyimbo, kulibe mbendera. Mtsogoleri amene wateteza chitunda kuti chisagwe alibe chithunzi choonetsa, poti chimene wachita n'chakuti ngozi sinachitike. Ndi ife ovota amene tinawaphunzitsa zimenezi, pomawombera m'manja makilomita a phula osafunsa kuti adzakhala madzinja angati.

Mtengo wa msewu wotsekeka suwerengedwa ndi phula lokha. Mu Malichi 2019, namondwe wa Idai atafika ku Chimanimani m'dziko la Zimbabwe, miyala ndi matope zinatseka msewu pa Skyline, ndipo opereka thandizo anatenga masiku kuti afike kwa ovulala, nkhungu itatsekerezanso ndege. Mu 2023 midzi ya kuseri kwa phiri la Mulanje, cha ku Nkhulambe, inakhala masiku ambiri yosafikika ndi galimoto. Munthu amene phiri lamusiya wamoyo amatha kufa ndi bala, ndi kolera kapena pobereka, chifukwa tsiku limene msewu ukufunika koposa ndi lomwelo limene watsekeka. Boma lokhala ndi msewu waukulu umodzi, ngati lathuli, lilibe njira ina yozembera.

Choncho mu kontalakiti iliyonse ya msewu wa kuno, ntchito ya pa chitunda ikhale ndi mzere wakewake ndi ndalama zakezake, zosaloledwa kusamutsidwira ku phula ndalama zikayamba kuperewera, poti ngalande ndi udzu ndi zomwe zimayamba kudulidwa. Gawo la malipiro a kontalakitala lisungidwe mpaka msewu utapirira madzinja awiri. Amene akudziwa kuti ndalama yake ili m'manja mwa mvula ya Febuluwale sadzadula chitunda chilili.

Pali nkhani ina imene imandipweteka. Phiri likagumuka, chala chimathamangira kwa mlimi. Tumbine atagwa mu 1998, zinanenedwa kwambiri kuti anthu anadula mitengo ndi kulima m'mapiri. Muli choonadi mmenemo, ndipo sindichibisa. Moto wa mu Okutobala umasiya chitunda chili mbee pamene mvula yoyamba ikubwera. Uvuni wa makala umadya mitengo imene mizu yake inkasoka dothi. Mizere yolimidwa motsata mtsetse imasanduka ngalande zothamangitsira madzi kumsewu. Koma tikumbukenso kuti anthu amenewo anali ndani. Ambiri anali atangobwerera kumene kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi, mtendere wa 1992 utasainidwa, ali ndi khasu ndi ana basi, ndipo analima pamene anapeza malo. Ngakhale lero palibe amene amakwera phiri ndi khasu chifukwa chokonda kupuma wefuwefu. Kumuuza munthu kuti achoke pa munda osamuonetsa pena polima n'kungolankhula kuti anthu amve kuti walankhula.

Mlimi wa pamwamba pa msewu ndi amene ali pafupi kwambiri ndi vuto, choncho ndi iyenso amene angalione msanga. Ndi iye amene amadziwa kuti mng'alu wa m'munda mwake wakula kuyambira chaka chatha, kuti mtengo wa mbawa uja wayamba kupendekera kunsi, kuti kasupe watulukira pamene panali pouma, kuti madzi a m'khwawa asanduka ofiira mvula isanafike. Akatswiri a nthaka amafunafuna zizindikiro zomwezi. Bwanji osamulemba ntchito? Akuluakulu amakumbukira makantoneiro, anthu amene aliyense ankapatsidwa chigawo chake cha msewu kuti azichisamalira. Tibwezeretse zimenezo, koma chigawocho chikwere mpaka kumtunda: kufukula ngalande ya pamwamba, kubzala ndi kudulira vetiva, kulambula njira yotchinga moto, kunena mng'alu ukaoneka. Ndipo ntchitoyi ikhale yolipidwa, pa mwezi, pa mtengo wodziwika kwa onse. Ndikutsindika za malipiro chifukwa misewu yambiri ya dziko lino inalambulidwa ndi chibalo nthawi ya Apwitikizi, ndipo mabanja sanaiwale. Wobwera kudzanena kuti anthu atuluke mwaulere kukateteza msewu wa malole a eni ndalama adzapeza makasu atabisidwa, ndipo ine sindidzawadzudzula owabisawo. Amayi alembedwe mofanana ndi abambo, poti minda ya m'zitundayo ambiri oilima ndi iwo.

Ndiye pali Napolo. Kuyambira chigumula cha ku Zomba mu Disembala 1946, dzina limeneli limatuluka nthawi iliyonse phiri likagumuka kuno ndi ku Malawi, ndipo mlembi Steve Chimombo analikhazika pakati pa ndakatulo zake. Ophunzira ena amaseka akamva agogo akunena kuti chinjoka chatuluka m'phiri kulowera kunyanja. Ena amaligwiritsa ntchito pothawa mlandu, kuti zinangochitika, palibe akanachitapo kanthu. Onsewa akulakwa. Mvetserani bwino zimene akuluakulu amanena: amati Napolo ali ndi njira yake, ndipo pamene anadutsa kale adzadutsaponso. Katswiri wa miyala amanenanso chimodzimodzi, kuti khwawa limene linatsitsa matope kamodzi lidzatsitsanso, ndi kuti miyala yaikulu ngati nyumba imene ili m'minda ya kutsinde kwa phiri sinamere pamenepo. Kumene kulibe mabuku a zaka 100 olemba za mvula ndi zigumukire, chikumbukiro cha mafumu ndi nkhalamba ndicho kaundula amene tili naye. Injiniya asanakhome chikhomo choyamba akhale pansi ndi mafumu athu, awafunse mwaulemu kuti ndi makwawa ati amene anasefukirapo ndi miyala, chaka chiti, ndipo matope anakalekezera pati. Mayankho amenewo alowe m'mapu. Nkhalamba zimene zinaona 1991 ndi 1998 ndi maso awo zikutha, ndipo ntchito yolemba zimene zikudziwa singadikire phula.

Sindikulonjeza kuti gabiyoni ndi vetiva zingaimitse chilichonse. Ena mwa mabala amene Freddy anasiya pa phiri la Mulanje ali pamwamba penipeni, pamene khasu silinafikepo. Mvula ya mamilimita 1,000 m'masiku anayi imagumula ngakhale chitunda chokhala ndi nkhalango, ndipo chigumula ngati cha Michesi palibe waya ungachigwire. Pa ngozi ya mtundu umenewo chotsala ndi kuchoka panjira pake nthawi ilipo. Msewu watsopano upewe kukamwa kwa makwawa amenewa ngakhale utalikeko pang'ono. Msika, sukulu ndi siteji ya minibasi zisamangidwe pomwe matope anafikapo kale, ngakhale malowo ataoneka athyathyathya ndi okoma. Pa sukulu zingapo za m'mbali mwa msewu paikidwe choyezera mvula, chinthu chotchipa chimene mphunzitsi ndi ana ake angawerenge m'mawa uliwonse, ndipo pagwirizanidwe mlingo umene ukapitirira, msewu utsekedwe pa malo oopsa aja. Ndikudziwa kuti woyendetsa lole yodzaza chimanga adzatukwana, koma adzafika kwawo mawa lake. Makomiti a m'midzi a bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la INGD, amene anatchuka ndi ntchito yochenjeza anthu za kusefukira kwa madzi m'zigwa za Licungo ndi Zambezi, aphunzitsidwenso za mapiri, chifukwa madzi a m'chigwa amapatsa munthu maola oti athawe pamene matope a m'phiri amangopereka mphindi zochepa. Chenjezo la bungwe loona za nyengo la INAM lisathere m'maofesi a ku Quelimane. Limveke pa wailesi ya Thumbine ku Milange ndi pa mafoni a mafumu, m'zilankhulo zimene anthu amalankhula pakhomo.

Malire nawo tisawalole kutitseka makutu. Chimanga chimawoloka pa Muloza tsiku ndi tsiku pa njinga, maukwati amawoloka, maliro amawoloka. Uthenga woti ku Phalombe mvula yafika pa mlingo woopsa uyeneranso kuwoloka, kuchoka ku DoDMA, dipatimenti ya ku Malawi yoona za ngozi, kufika ku INGD ndi kwa akuluakulu a boma la Molumbo, usiku womwewo. Nthawi ya Freddy, Amalawi analipira mtengo wowawa ku Chilobwe, pansi pa phiri la Soche, ndi ku Ntauchira m'boma la Chiradzulu, ndipo dipatimenti yawo yoona za miyala ili ku Zomba, pafupi ndi ife kuposa Quelimane. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kupempha anzathuwa kuti atigawireko zimene aphunzira sikuchotsa ulemu wa dziko lathu.

Kwa inu mafumu, aphungu a chigawo ndi atsogoleri a mipingo: nthumwi za msewu zikadzabweranso, musadzangofunsa tsiku limene phula lidzafike. Mudzafunse kuti madzi ochokera m'chitunda chakutichakuti adzadutsa pati, dothi lodulidwa lidzatayidwa kuti, maenje a gelevulo adzakwiriridwa ndi yani, ndipo ndi anthu angati a m'midzi yanu amene adzalembedwe kusamalira ngalande makina akadzapita. Mudzapemphe kuti mayankho alembedwe pa pepala ndi kusainidwa. Ndipo pa msewu wa fumbi umene tili nawo panopa, ntchito yogwetsa miyala yolendewera ndi kufukula ngalande ndi makalavati ndi ya Seputembala ndi Okutobala, dothi lisananyowe. Kuti ichitike pa nthawi imeneyo, ndalama zake ziyenera kukhala zitafika ku boma la Molumbo mu Ogasiti.